Mwana Wanga Anandiika M'manda pa Intaneti

Zikomo aulutsi pondiwerengera kalatayi. Ndine mayi wa ku Mitundu, ndipo ndili moyo. Ndayamba choncho chifukwa mwana wanga akuuza dziko lonse kuti ndinafa.

Mwanayu ndi woimba, amakhala m'tauni. Tsiku lina anabwera ndi anzake awiri ojambula zithunzi, akuti akonze tsamba lake la pa intaneti. Ndinawaphera nkhuku, ndinasesa pabwalo, ndinavala chitenje changa chopitira kutchalitchi. Koma iwo anaidutsa nyumba yanga yamalata n'kukamujambula atakhala m'chigafa cha fodya chimene chinagwa kalekale. Nditayandikira, mwana wangayo anati, "Amayi, tapatukani pang'ono, mukuoneka."

Patatha mwezi, mayi mnzanga amene timagulitsa naye tomato pamsika anandionetsa tsambalo pafoni yake. Pansi pa chithunzi chija analembapo kuti iye ndi mwana wamasiye, makolo ake onse anamwalira ali wamng'ono, ndipo ankagona m'chigafamo. Anthu ambirimbiri anali kumulembera mawu omupepesa.

Ndinamuimbira foni mwanayo. Iye anangoseka. "Amayi, musadandaule, ndi malonda chabe. Anthu amakonda woimba amene anavutika."

Bambo ake anamwaliradi, sindikukana. Koma ine amene ndinkasoka fodya m'chigafa chomwecho iye ali kumsana kwanga, andiike m'manda kuti nyimbo zake ziyende malonda?

Ndikudziwa kuti pulogalamuyi amamvera. Mwana wanga, tsiku limene ndidzafedi, anthu akowo udzawauza kuti ukupita kumaliro a ndani?