Ndinayankha M'malo mwa Bambo

Pasiteji ya basi kunja kwa geti la chipatala, mayi wina wachikulire anasendera kuti mtsikana wonyamula zovala za wodwala akhale.

"Odwala anu atuluka, mwananga?"

"Ayi, amayi. Mwendo wa bambo unapola, koma chatitsekera ndi chilonda cha m'munsi mwa msana, chobwera chifukwa chogonera malo amodzi."

"Anamwino sankawatembenuza?"

"Wolakwa ndine. Tsiku logonekedwa, namwino anabwera ndi pepala la mafunso. Amatha kutembenuka okha? Akudya bwino? Amadzinyowetsera pogona? Bambo anali maso, akundiyang'ana. Munthu woti anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndikanati amakodza pabedi, wodi yonse ikumva?"

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati zonse zili bwino, namwino n'kulemba zomwezo. Atapempha kuwaona kumsana, bambo anakakamira bulangete, ine n'kuwaikira kumbuyo."

"Powasambitsa simunkaona?"

"Mwana wamkazi angavule bambo ake? Ndinkangowapukuta kumaso ndi m'manja. Linatiuza ndi fungo."

"Nanenso amuna anga agonekedwa momwemu. Ine ndinaulula zonse kwa anamwino, mpaka anandinyanyala masiku awiri. Anawalemba m'gulu la otembenuzidwa maola awiri aliwonse, ine n'kumadandaula kuti akuwavutitsa."

"Ali ndi chilonda?"

"Ngakhale kachipsera."

Basi itatulukira pakona, mtsikanayo anaimirira ndi zovala zija.

"Ine ndinkawapulumutsa ku manyazi a funso limodzi, amayi. Lero amawavula anthu atatu m'mawa uliwonse, ine ndili pompo, nditagwira beseni."