Mphuno Yanga Ndinakaipeza pa Phiri la Tumbine

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Milange ndi a kutsidya kwa malire. Ndine Batisita, uja wophika pawu, buledi wathu, pa padariya ya kumunsi kwa msika. Ndabwera ndi umboni wa mphuno yanga, imene inandithawa miyezi itatu n'kutsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Ondidziwa akudziwa kuti sindiwonjezera nkhani. Ndikati chinthu chinali chachikulu ngati nyumba, dziwani kuti ndachotserako khonde.

Ntchito yanga ndi ya mphuno. Uvuni wathu ndi wa nkhuni, ulibe wotchi, ulibe galasi loonera mkati. Pawu akapsa amandiuza yekha ndi fungo. Ndinkatha kuima panja nditafulatira, n'kunena kuti wa kumanzere wapsa, wa kumanja watsala Atate Wathu mmodzi.

Kenako ndinadwala chimfine chachikulu. Chitatha, ndinadzuka m'mawa wina dziko lonse lilibe fungo. Utsi, anyezi, ngakhale tonde wa aneba amene fungo lake limafika pakhomo iye akadali kudambo, zonse zii. Ndinauza mkazi wanga, mayi a Rozita, kuti, “Mayi, ine sindikumva kanthu.”

Apa m'pamene chinenero chathu chinandigulitsa. Ife timamva mawu, timamva njala, timamva kuwawa, timamvanso fungo, zonse ndi liwu limodzi. Mayi a Rozita anasankha makutu.

“Kalanga ine! BAMBO A ROZITA, MUKUNDIMVA?”

Ndisanayankhe, anali atauza kale nyumba zinayi.

Ndikanatha kukonza nkhaniyo pomwepo. Koma ndinaganiza kuti wophika pawu wogontha ntchito amagwira, nanga wopanda mphuno patarawu, mwini padariya, angamusungirenji? Ndinatseka pakamwa. Tchimo langa ndi limeneli, ndipo ndikuliulula pamaso panu.

Kuchipatala tinapeza namwino wina, Dona Felizada, wochokera ku Quelimane, amene Chinyanja chake chinali chikukwawa kumene. Mayi a Rozita anamufotokozera m'Chipwitikizi kuti makutu afa. Ananditsuka makutu ndi madzi ochuluka moti mpaka lero ndikapendeketsa mutu mumalira achule. Kutchalitchi anandisanjika manja m'makutu masabata atatu. Makutu amene anali abwinobwino kale anathwa mpaka ndinkamva nyerere zikukangana. Ndinamvanso apongozi anga akunena, ine ndili pomwepo, kuti mwana wawo akanakwatiwa ndi mphunzitsi uja wa ku Majaua bwenzi pano akudyera patebulo.

Koma pawu simungamunamize. Wina ndinkamutulutsa wosapsa, wina wakuda bii. Mayi wina anagula awiri kuti akaike m'simbi asitire zovala. Lachisanu lina patarawu anandikuwira m'khutu: “A BATISITA, LOLEMBA NDI LOMALIZA! MUKAPSEREZANSO, UVUNI NDIPEREKA KWA WINA!”

Nyumba yathu yonse imadya kuchokera mu uvuni umenewo, ndipo mwana wathu Rozita akadali pasukulu. Ndinapita kuseri kwa mulu wa nkhuni n'kugwada. Ndinangoti, “Ambuye, anthu anu akupempherera makutu. Inu chiwalo chake mukuchidziwa.”

Loweruka patarawu anaika munthu wina pa uvuni, ine n'kundituma kusenza dengu la pawu kuperekeza a kaminyada. Awa ndi aphunzitsi, anamwino ndi anthu a m'maofesi a ku vila, tawuni yathu, amene amakwera phiri la Tumbine m'mawa wa Loweruka, ati n'cholinga choti thupi likhale bwino. Anthu amenewa ankandidabwitsa kuyambira kale. Ife phiri timakwera kukadula nkhuni, makolo athu analikwera pothawa nkhondo. Awa amakwera opanda nkhwangwa, n'kutsika chimanjamanja akuseka. Ndinkafuna kuona chimene amabisa kumwambako.

Tinadutsa minda ya chimanga ndi nthochi, tinadutsa tiyi wakale amene anasanduka tchire, tinalowa m'nkhalango. Mphunzitsi wina anali ndi wotchi yowerenga mapazi, ndipo ndinali ndi mafunso khumi okhudza wotchiyo, koma munthu wogontha safunsa zimene sanamve. Ndinawameza onse. Kumwamba mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi, miyala, ndi mphepo yozizira yolowa mpaka m'mano.

Kumeneko ndinaona Dona Felizada, namwino uja, atagwada pakati pa miyala. Ankathyola nsonga za kachitsamba kofika m'mawondo, ka masamba otuwa aubweya ngati khutu la kamwana ka mbuzi, maluwa ake achikasu, ouma ngati pepala. Anali patali ndithu, akunong'oneza mnzake kuti kachitsambako kumunsi sikamera, kamafuna miyala ndi nkhungu, ndipo Alomwe a m'mbali mwa phiri amafukiza nako munthu wa chifuwa.

Abale, chidwi chinandigonjetsa. Ndinangomva pakamwa panga pakufunsa kuti, “Dona, nanga n'chifukwa chiyani kumunsi kamakana?”

Anatembenuka pang'onopang'ono. “Senyoro Batisita. Inu kumva?”

Ndinatula dengu, ndinaloza mphuno, ndinaulula zonse. Dona anaseka mpaka anakhala pamwala. “Mphuno! Ine kutsuka makutu pachabe!”

Atapukuta misozi anafikisa masamba aja m'manja n'kundiika pamphuno. Koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu kunabwera kanthu kakang'ono, kutali, ngati munthu akukuitana dzina ali tsidya la mtsinje. Ndinakokanso mpweya. Kanali ngati ndimu, kanali ngati uchi, kanalinso ngati bokosi la mkungudza limene mwangolitsekula. Ine bambo wa ndevu ndinalira pamaso pa aphunzitsi.

Fungo lachiwiri limene ndinamva linali langa, la munthu amene wakwera Tumbine atasenza dengu. Ndinapepesa gulu lonse. Lachitatu ndi limene ena amakana, koma ndi zoona: ndili pamwamba pa phiri ndinamva kuti amene anamuika pa uvuni wanga akupsereza pawu kumunsi ku vila, mzere wa kumanzere.

Ndinafunsa Dona kuti chandichiza n'chiyani, kachitsamba, phiri, kapena nthawi yangokwana. Anati sakudziwa, poti fungo limatha kubwerera lokha pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndizinunkhiza masambawo m'mawa ndi madzulo, ndisawamwe, ndisazule mizu, ndipo ndibwerenso kuchipatala, ulendo uno nditchule chiwalo choyenera. Dzina la kachitsambako ananditchulira la Chilomwe, koma ndi lalitali, lilime langa linatopera panjira. Ndikufufuzabe.

Lolemba ndinaima pa uvuni masamba ali m'thumba, patarawu ali kumbuyo kwanga atapinda manja. Mphuno inali ikadali yofooka, moti ndinayandikira chitseko mpaka nsidze zinapsa. Ndinadikira. Mtima unkati tulutsa, mphuno inkati ayi. Ndinanena Atate Wathu mmodzi, ndipo pa “Amen” fungo lija linafika, la pawu amene wapsa bwino. Ndinatulutsa. Patarawu ananyema mmodzi, anatafuna, n'kukuwa kuti, “WABWINO!”

“Musakuwe, patarawu,” ndinatero. “Ndikumva. Ndakhala ndikumva nthawi yonseyi.”

Uvuni ndili nawobe. Kunyumba nditaulula, mayi a Rozita anakhala masiku awiri osandilankhula, ndipo apo ndiye ndinadziwa kugontha kwenikweni. Apongozi sanabwerebe. Loweruka lililonse tsopano ndimakwera ndi a kaminyada, ndipo mafunso khumi a wotchi aja ndinafunsa onse.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandilange monga mwa bodza langa. Ndikuthokoza Dona Felizada, ndi inu a mpingo amene munatopa manja chifukwa cha makutu anga. Iwe amene uli m'mavuto ndipo ukuchita manyazi kuwatchula dzina lake, usachite ngati ine, nena zoona msanga. Koma ngakhale mawu atasokonekera, usaleke kupemphera. Mpingo wonse unapempha za makutu, ndipo Iye anayankha mphuno. Ameneyo ndiye amamva. Amen.