Anati Ndine Mkamwini Waulesi

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Lekisoni, mkamwini wa kuno kwa Kabudula, uja munkati ndi waulesi. Inde inuyo. Musayang'ane pansi.

Kale ndinkalima mpaka khasu kupempha madzi akumwa. Kenako china chake chinazima mwa ine. Malungo ayi, chilonda ayi. Chakudya chinkangomveka ngati utuchi. Mwana wanga akamaseka, ine osamva kanthu. Fodya anaolera m'chigafa. Ndinagona pamphasa mpaka nkhuku inaikira mazira pamsana panga, kufungatira, anapiye n'kutuluka. Ndikulumbira, anapiyewo alipo, ndi atambala tsopano.

Inu munati chiyani? Ulesi! Ena munati chikhulupiriro chachepa. Ine ndikulakalaka nditagona osadzukanso, inu muli ulesi, ulesi!

Alamu anga a Jelemiya, nkhoswe ya mkazi wanga, anagamula: "Mkamwini wosalima abwerere kwawo. Koma tiyambe tapita naye kuchipatala, adokotala akanene okha kuti sakudwala."

Anandimangirira panjinga ngati thumba la chimanga.

Adokotala anandifunsa za tulo, za chakudya, za maganizo. Atatha anati, "Bambowa akudwala."

"Pati?" anatero alamu. "Thupi losalala chonchi?"

"Mu ubongo. Muli timaselo tomwe timatumizirana mauthenga. Nkhawa ikakhalitsa, mwinanso n'zakumtundu, mauthengawo amasokonekera. Mbali yopatsa munthu chilakolako ndi chimwemwe imafooka. Ndi matenda, ndipo amachizika."

"Tikamukalipira kwambiri sangadzuke?"

"Kodi ngolo ikathyoka gudumu, mumakwapula ng'ombe?"

Alamu anakanda mutu mpaka panatuluka dazi. Zoona izi.

Titafika kunyumba, Nabanda mkazi wanga anaima pakhomo. "Achimwene, mwamva nokha. Amuna anga sapita kulikonse. Wodwala sathamangitsidwa."

Mankhwala amene adokotala anandipatsa sanagwire msanga, abale. Panapita masabata. Ndinkamwa, ndinkapita kukalandira uphungu, Nabanda akupemphera nane. Tsiku lina ndinamva fungo la mtedza wokazinga n'kuufuna. Ndinalira! Mtedza, abale!

Mulungu amene anaumba ubongo anaperekanso nzeru zouchiza. Ndikumuthokoza. Lero ndikulima, mankhwala ndikumwabe, masiku ena amalemera, koma banja langa lilipo.

Wina akasowa m'tchalitchi muno, musamupatse dzina. Pitani mukamufunse mmene akumvera. Ameni?

Mokweza, a Jelemiya!