Amayi Adutsa pa Spaghetti, Sitisamukanso

Lero Loweruka, cha m'ma 10 koloko m'mawa, amayi anga ayendetsa galimoto ndi manja awoawo kuchoka kuno ku Hillfields mpaka pachipata cha chipatala ku Wolverhampton, kudzera pamsewu waukulu wa M6, pamphambano yopiringizika ya Spaghetti penipenipo, ndipo tabwerako amoyo, ndiye Thoko ndi Chikondi, mverani: sitisamukanso! Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba mothamanga, chifukwa ndikati ndidikire mpaka tionane ndiphulika.

Paja mwezi watha ndinakuuzani kuti amayi akwezedwa pantchito yawo yaunamwino, koma ntchitoyo ili ku Wolverhampton, osati kuno ku Coventry. Shifiti imayamba 7 koloko m'mawa, ndipo Lamlungu sitima ya nthawi imeneyo kulibe, ndiye njira zinali ziwiri basi: amayi aziyendetsa pa M6 tsiku lililonse, apo ayi tisamuke, ine ndisiye sukulu pakati pa chaka cha mayeso, ndisiye kwaya, ndisiyenso inuyo.

Laisensi ali nayo, ndipo ku Lilongwe ankayendetsa zaka zambiri. Koma tsiku limene anakayesa M6 koyamba, atafika kumapeto kwa kanjira kolowera mumsewumo anaponda buleki n'kuima, n'kumasuzumira kumanja ngati ali pamphambano ya ku Area 25, kudikira kuti magalimoto athe. Inu, pa M6 magalimoto amatha? Lole ya kumbuyo inaliza huta mpaka ine ndinabisa mutu m'miyendo. Titafika kunyumba amayi anaika makiyi patebulo n'kunena kuti, "Tadala, msewu umenewu si wa anthu. Pita ukapemphe makatoni kushopu." Ndinapita ndikulira, ndipo mabuku anga onse analowa m'katoni.

Tsopano, mukuwadziwa agogo Mwale, aja amakhala pabenchi yakumbuyo kutchalitchi, chipewa chili pamaondo, amene timawaseka kuti amagona nthawi ya zolengeza? Lamlungu lake, amayi akudandaulira azimayi anzawo panja, iwo anangotulukira.

"Msewu wake uti, amake Tadala? M6? Umenewotu ndinamanga ndine."

Azimayi onse kuseka. "Agogo, inuyo nokha?"

"Sekani. Koma Loweruka mubwere mutavala nsapato zoyendera, galimoto muisiye."

Loweruka lapitali anatitenga pa sitima mpaka ku Birmingham, n'kutitsitsira kumphepete kwa ngalande ya maboti, ndipo titakweza maso, mayo ine, Spaghetti yonse inali pamwamba pathu, misewu itapingasana pamizati italiitali, ikulindima ngati mvula ikubwera. Amayi anagwira mkono wanga. Koma agogo anakhala pakakhoma, n'kusisita mzati ngati ng'ombe yawo, ndipo ndikulemberani mmene anayankhulira.

"Kale, ana inu, ine ndikubwera kuno dziko lathu lisanalandire ufulu, ndinadzera kuphunzira za makina, koma ndinathera pa fosholo, pamodzi ndi anyamata a ku Ireland ndi a ku Jamaica, ndipo masiku amenewo munthu wochoka ku Coventry kupita ku Wolverhampton ankadutsa m'kati mwa tauni, maloboti ndi maloboti, kumbuyo kwa malole ofuka utsi, mpaka tsiku kupendeka. Msewu uwu sunabadwe tsiku limodzi ayi. Unayambira kumpoto, cha ku Preston, ndipo unkakula chidutswachidutswa, koma pano pa Birmingham ndi pamene panavuta, chifukwa pansi panali podzaza kale: njanji, mitsinje, ngalande, mafakitale, nyumba za anthu. Ndiye akuluakulu anati ngati pansi palibe malo, tiukweze m'mwamba. Tadala, ukumva? Lemba. Mbali ino inatsegulidwa mu 1972, ndipo lero msewuwu ukaugwira cha ku Rugby, osakhota, umakakutula kumalire a Scotland. Masiku ano amanganso wina watsopano wozungulira mzindawu, wa anthu othamanga, koma mwini wake ndi uyu."

Kenaka anatiloza mizati. "Mwaona mmene yapatukira kanjira aka? Tinalamulidwa kusiya mpata woti hatchi yokoka boti idutse chingwe chake osakola. Ndiye amake Tadala, anthu amene anaganizira hatchi angaiwale inu?"

Amayi anaseka koyamba sabata yonseyo. "Bambo, vuto ndi manambala aja. Zikwangwani zimathamanga, ine mutu umaima."

"Kwanu munthu akakufunsani njira mumamuuza nambala? Simuti ukafika pamtengo wa mango ukhote? Manambala asiyireni azungu. Ine ndikupatsani mitengo ya mango."

Ndipo anayamba kutchula, ine ndikujambula mapu kuseri kwa pepala lomata kukhoma limene linatsala kunyumba: malo opumira a ku Corley, kumene anamwa tiyi woipa kuposa yense m'moyo wawo, msewu ukayamba kukwera pamizati, chinyumba chofiira chimene kale chinali fakitale ya matayala, kenaka Spaghetti, pamene ukhale m'leni yako, mzere wako wa msewu, osatengeka ndi okhotera m'tauni, kenaka pamene M5 imapatukira kumanzere, uisiye ipite, ndiye nyumba zitalizitali za ku Walsall zikaoneka, yatsa indiketa.

"Nanga polowa paja?" anafunsa amayi, mawu atatsika.

"Muli mtsikana simunadumphepo chingwe? Anzanu awiri akupukusa, munkadikira kuti chingwe chiime? Munkayenda nacho ndi mutu, n'kulowa mothamanga. Kanjira kaja tinakatalikitsa dala kuti muthamangirepo."

Ndiye lero. Agogo kutsogolo, chipewa kumutu, ine kumbuyo ndi mapu anga aatali ngati nsalu. Amayi anapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo, ndipo titafika pakanjira kaja ndinaona phewa lawo likuuma, liwiro likutsika, lole ikubwera kumanja, ine mumtima ndinati basi, tasamukira ku Wolverhampton.

"Chingwe, mayi! Chingwe!" anakuwa agogo.

Amayi anaponda mafuta. Inu! Tinalowa pakati pa lole ndi kavani koyera bwinobwino, popanda ngakhale huta imodzi, ndipo ine ndinakuwa mpaka amayi anati, "Iwe, khala chete, ndikuyendetsa!" koma mawu awo anali akuseka.

Corley inadutsa. Mizati inayamba. Chinyumba chofiira chija ndinachiona ine poyamba. Koma titayandikira Spaghetti agogo anasiya kuyankhula, anavula chipewa n'kuchiika pachifuwa, ndipo ali chiyang'anire pawindo anati, "Pansi apa panali kachipinda kanga koyamba m'dziko lino. Tinagwetsa tokha nyumba imeneyo. Ine ndinanyamula zitseko." Amayi anangogwira chiwongolero, osachoka m'leni yawo, ndipo pamene ndinkati ndipume, Spaghetti inali kumbuyo kwathu.

M5 itapatuka, agogo anatsegula pakamwa, koma amayi anawatsekereza: "Musanene, bambo. Ndaziona nyumba zanu zija." Indiketa thi, thi, thi. Pachipata cha chipatala anazimitsa galimoto, n'kugoneka mutu pachiwongolero kanthawi, kenaka anatembenuka n'kuti, "Tadala, makatoni aja ukabweze kushopu."

Pobwerera mukudziwa chimene chinachitika? Agogo anagona! Kuchokera ku Walsall mpaka ku Hillfields, mkonono ndithu, ndipo amayi akuti imeneyo ndiye satifiketi yawo.

Ndiye anzanga, agogo aja tisamawasekenso akamawodzera pabenchi, tiziwapatsa moni bwino n'kuwafunsa zakale, chifukwa zaka zonsezi takhala tikudutsa pamwamba pa thukuta lawo osadziwa. Mawa tikatuluka m'tchalitchi musathawe. Amayi akuti atitenga tonse pagalimoto, agogo kutsogolo. Bwerani mudzaone mapu anga, ndawamata pakhoma kuyambira pachitseko mpaka pawindo, ndipo mudzandithandize kubweza mabuku pashelefu. Thoko, diresi ija ndinakupatsa yotsanzikirana ubwere nayo. Sindikupitanso kulikonse.