Ufa Wofuna Dzuwa

Pamzere wogula mbewu, mayi wina anatembenukira mlimi wa tomato yemwe ankangoyang'ana kumwamba.

"Bambo, mukudikira mvula?"

"Ayi mayi, dzuwa. Mwana wanga wamkazi, wa kulabotale, anandibweretsera ufa wosalala kuposa fumbi. Ukauthira m'madzi otsukira chopopera mankhwala, dzuwa likawomba, umaphwanya poizoni."

"Koma ana a masiku ano! Ndiye zinatheka?"

"Sabata yoyamba palibe chinachitika. Ndinavindikira mgolo wa madziwo ndi masaka, poti mankhwala timasunga pamthunzi."

"Inenso ndikanatero."

"Mwanayo atabwera anaseka mpaka misozi. Akuti, 'Ababa, mwatsekera wantchito m'nyumba!' Tinavundukula. Kudambo kumene ndimataya madziwo achule anali atatha, pano akulira ngati kale."

"Bambo, mwana ameneyo musadzamuvindikire."