Kaboti Komwe Kanamira ndi Mwamuna Wanga

Abale anga mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Mphunzi. Ine ndakalamba ndikukhala kumbuyo m'tchalitchi, osalandira Ukaristia, chifukwa cha mwamuna amene sindinaone manda ake.

Mwamuna wanga woyamba, a Zuze, anali wa ku Mozambique. Tinamanga ukwati woyera, kenako nkhondo inawatenga. Anawaika pa kaboti ka asilikali kolondera mtsinje wa Zambezi, kokhala ndi mfuti imodzi yaikulu kutsogolo. Adani atalanda tauni yomwe kabotiko kankakocheza, mbiri yake inathera pomwepo. Ena ankati kanamira, ena ankati asilikaliwo anathawa nako ndipo ali moyo kwinakwake.

Ndinadikira mpaka ana anayamba kutupa ndi njala. Pamenepo ndinalola a Lemani, bambo wofatsa wolima mbatata ya kachewere. Kutchalitchi anandiuza kuti popanda umboni wa imfa ndikadali mkazi wa a Zuze, choncho anandiimitsa masakramenti. Amayi anzanga a mumphakati ankandituma kutunga madzi a pamaliro, koma pokonza guwa ankandidumpha. Ena ankanditchula wachigololo ine ndikumva. Ndinkapemphera ndi mkwiyo, kumufunsa Mulungu ngati ndikanayenera kuika ana anga m'manda kuti ndikhale woyera.

A Lemani atagonekedwa kuchipatala, pabedi loyandikana ndi lawo panali nkhalamba ya mwendo umodzi. Ndinkaigawirako phala poti inalibe woidikirira. Tsiku lina inandiuza kuti mwendowo unatsala pa Zambezi, bomba litaphulitsa kaboti kawo pamene ankaolotsa amayi ndi ana othawa. Ndinatchula dzina la a Zuze.

"Aja a mpata kumano? Ndinawagwira ndi manja angawa," inatero. "Anafera pachiwongolero, madzi asanalowe n'komwe."

Nkhalambayo inalumbira pamaso pa bambo mfumu, ndipo ukwati wanga ndi a Lemani unadalitsidwa m'wodi momwemo. A Lemani analandira Ukaristia kawiri kokha, n'kutisiya.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mboni, ngakhale sindinama kuti mtima wapola. Amene ankandinena aja tsopano amandipatsa moni wa mtendere ngati palibe chinachitika, ndipo ine ndimapereka dzanja movutikira. Inu amene mukudikira yankho, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala lowawa ngati langa. Lomwelo analimva.