Mayi Felesita Makwinja, Osunga Moto wa Mabalani

Lachiwiri lapitali kunali mvumbi kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa silinaoneke mpaka madzulo. Ndi tsiku limenelo, pa 18 Malichi, pamene mayi Felesita Makwinja anatisiya. Mbiri iyi alemba ndi amuna awo, a Rabson Makwinja, ndipo apempha kuti iwerengedwe monga ilili, osadumpha mzere.

Mayi Felesita anabadwa mu 1969 m'boma la Phalombe, achiwiri m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera Sitandade 5. Mu 1988 anakwatiwa ndi a Rabson, ndipo chilala cha 1992 chitavuta, banjali linakwera lole ya matenanti kubwera kuno ku Nsaru, pa esiteti ya fodya imene tonse tikuidziwa. Amuna awo ankasonkha moto m'mabalani owotchera fodya, iwo ankasankha fodya m'shedi.

Mu 2011, nkhuni zitasowa, eni esiteti anagula makina a malasha. Makinawo amakankha okha malasha kulowetsa m'ng'anjo, fani n'kumauzira mphepo, kutentha n'kumayenda m'mapaipi kupita m'mabalani asanu ndi limodzi. Mmisiri amene anawamanga anakhala masiku awiri okha n'kubwerera ku tauni. Amuna anayi anayesa kuwayendetsa. Wina anapsereza fodya mpaka kuda bii, wina anazimitsa moto katatu sabata imodzi. A Rabson nawonso analephera, ndipo sakubisa.

Mayi Felesita ankabweretsa chakudya cha amuna awo masana, n'kukhala panjerwa kumangoyang'ana. Tsiku lina anati, "Abambo, mwanayu mukumudyetsa osamupatsa mpata wopuma. Chepetsani malasha, muonjezere mphepo." A Rabson anachita manyazi, koma anamvera, ndipo moto unayera.

Kuyambira pamenepo mayi Felesita anasiya shedi n'kuyamba kusunga moto, ndipo zina zonse anaziphunzira okha, ndi maso. Malawi akafiira ndi kufuka utsi, ankadziwa kuti mphepo yachepa. Malasha akamagwera m'phulusa osanyeka, ankadziwa kuti makina akuthamanga. Phulusa likaumbana ngati mwala, ankaliswa ndi chitsulo lisanatseke mabowo. Masiku oyamba ankasunga moto wofatsa kuti tsamba lichite chikasu, masiku omaliza n'kuukweza kuti mitsempha iume. Anaphunzitsa munthu mmodzi yekha, amuna awo. Kwa zaka khumi ndi zinayi palibe balani limene linawonongeka m'manja mwawo.

Anali mkhristu wa mpingo wa CCAP ndiponso wa Chigwirizano cha amayi. Bulauzi yawo yoyera ankaisungitsa kwa anzawo, mayi Hilda, poopa mwaye wa kunyumba kwawo.

Mu 2023 kunabwera manijala watsopano, a Gregory. Chaka chomwecho chumuni inang'aluka, utsi unayamba kubwerera m'chipinda cha ng'anjo. Mayi Felesita anakanena katatu. Kachitatuko anayankhidwa kuti, "Mayi, utsi wa kukhitchini sunakupheni zaka zonsezi, uwu ndiye ukupheni?" Amisiri anabweradi, koma kudzalumikiza paipi yochokera kung'anjo kupita kunyumba ya a manijala, kuti azisamba madzi otentha ndi kufunda pabalaza mwezi wa Juni. Chumuni sanaikhudze.

Chifuwa chinayamba chaka chatha. Mu Januwale adokotala anati mapapo atha mphamvu, mayi asayandikirenso utsi. A Rabson anatenga kalata ya adokotalayo kupita nayo ku ofesi, n'kupempha kuti azigwira okha usana ndi usiku. A manijala anati nyumba ya kukomboni ndi ya anthu awiri ogwira ntchito, mmodzi akasiya banja lisamuke. Mayi Felesita anamanga duku pamphuno n'kubwerera kung'anjo. Loweruka anakomoka ali ndi fosholo m'manja. Anatengeredwa kuchipatala cha mishoni, komwe anamwalira atagona masiku atatu.

Dzulo m'mawa kapitawo, a Martin, anabwera pasiwa atatumidwa ndi a manijala. Anagwada pafupi ndi a Rabson n'kunong'ona kuti, "Akuti pepani kwambiri, koma mabalani onse ndi odzaza, moto ukuvuta, ndipo fodya sadikira maliro." A Rabson anadzuka. Anavala nsapato n'kutsatira. Anthu a kumabalani atawaona mitima yawo inakhala pansi. A Rabson analowa m'chipinda cha ng'anjo chija, naimitsa makina, nazimitsa fani, nakokolola malasha onse amoto kuwatayira panja m'matope. Kenaka anapereka makiyi kwa a Martin n'kubwerera kudzakhala pambali pa bokosi.

Fodya wosauma akazizira nyengo ya mvumbi amavunda. A manijala, amene akhala pampando m'tenti umu, akudziwa zimenezi, ndipo akudziwanso kuti eni esiteti adzafunsa yani. A Rabson sadzayatsanso moto umenewo. Katundu wawo wamangidwa kale.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Doreen, Zikani ndi Luka, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi ndi ang'ono awo awiri ku Phalombe.

Mayi Felesita apumule tsopano, apumule mu mtendere.